Dothi la Kutsidya kwa Khwawa

Zaqueu anayamba kuyala njerwa kuseri kwa nyumba Lolemba m'mawa, mphepo ya mu Julayi ikumuluma m'makutu. Njerwazo zinali zotsala pomanga khitchini, zina zobenthuka, zina zosapsa bwino, koma iye sankamanga ofesi ya boma. Ankafuna bedi la ndiwo zamasamba, lotalika mapazi khumi, lokwera mpaka m'ntchafu, loti munthu azithyola mpiru ali chiimire osawerama. Mabedi otere anawaona ku Mwanza boma, pa nyumba ina imene anagwirako ganyu yothirira maluwa, ndipo nzeruyo inangomukhala m'mutu kudikira tsiku lake.

Munthu woti asamawerameyo anali mkazi wake, Fyness. Mimba inali m'mwezi wachisanu ndi chitatu, mapazi atatupa moti m'masilipasi munkangolowa zala zokha. Ku sikelo ku Thambani anamwino anamuuza kuti azidya masamba tsiku ndi tsiku ndipo asamayende mitunda italiitali. Pakamwa zimaphweka. Dimba lawo linali kumtsinje, ulendo wa ola lathunthu, pobwerera chitunda chokhachokha. Zaqueu anaganiza kuti ngati mkazi sangapite kudimba, dimba libwere pakhomo.

Pa mimba imeneyi sankafuna masewera. Chaka chatha mu Malichi, Fyness anafikanso mwezi womwewu, mwana n'kubadwa osalira. Kwa Nthache, kumene ankakhalako, mwana wotero amatchedwa nthayo, ndipo nthayo ndi nkhani ya amayi okhaokha. Salira maliro, sakhoma bokosi, sapita nayo kumanda kwa anthu onse. Amayi akuluakulu anabwera m'mamawa, anakulunga kanthu m'chitenje, n'kutuluka nako atanyamula khasu limodzi. Amayiwo anamuuza Zaqueu kuti akhale pakhonde ndipo asagwetse msozi. Anakhaladi. Kumene anapita nako sanamuuze, nayenso sanafunse. Akanayambira pati? Iye anali mkamwini pamudzipo, mwana wa anthu amene anathawa nkhondo ku Mozambique n'kukhazikika kumalire, ndipo anali ataphunzira kale kuti pamudzi pa eni munthu amayenda monyang'ama. Chimene ankafuna pa dziko lonse lapansi chinali chimodzi basi: kuti mwana wa ulendo uno atuluke akulira.

Njerwa zinatha kuyalidwa dzuwa lisanafike pamutu. Pansi anayalapo mapesi ndi timitengo kuti madzi azidutsa. Linatsala dothi, ndipo pa dothi mpamene panagona nkhani. La pakhomopo linali lochititsa manyazi: ukamenya khasu linkangolira kuti ngwe! n'kuthetheka moto, chotuluka n'kukhala miyala ndi fumbi lofiira. Anakayesa pa chulu cha kuseri kwa khola, anapeza chitauma gwa. Pamene anthu anaotchapo makala, pamene pamakhala dothi lakuda lija, eni ake anali atabzalapo kale maungu. Lachiwiri m'mawa anabwereka wilibala, naponyamo khasu ndi fosholo, n'kulowera kumunsi kwa mudzi kukasaka.

Anadutsa pa mjigo, anatsikira m'khwawa louma, nakwera kutsidya kumene anali asanapondeko chikwatirireni pamudzipo. Kumeneko kunali kathengo ka nsungwi, pakati pake pataima mkuyu waukulu. Njira yeniyeni kunalibe. Nkhuni zouma zinali mbwee pansi, zina zazikulu ngati ntchafu ya munthu, zikungodyedwa ndi chiswe. M'mudzi woti amayi amalimbirana kachitsa, nkhuni zogona osatoledwa zikanayenera kumuimitsa munthu kuti adzifunse. Koma Zaqueu maso ake anali pansi, pa dothi. Akulu anati safunsa anadya phula.

Chakum'mawa kwa mkuyu, pafupi ndi nsungwi, anamenya khasu kamodzi. Linalowa ngati mu ufa. Dothi lake linali lakuda bii, lofewa, lachinyontho ngakhale mvula inali italeka miyezi itatu yapitayo, nyongolotsi zikuphiriphitha. Anatapa m'manja, ananunkhiza, n'kuseka yekha. Pamwamba pake panali mapale a mphika ndi tinsanza tofumbwa. Iye anati, "Dzala lakale ili, nchifukwa chake lili ndi chonde." Mapale akuluakulu anawaponya kumbali, zotsalazo anakokolola ndi fosholo n'kudzaza wilibala. Chimodzi chokha chinamudabwitsa pang'ono: m'kathengomo munali zii, ngakhale njiwa yolira munalibe, moti ankamva kupuma kwake komwe.

Pobwerera anapeza pa mjigo pali amayi asanu ndi mmodzi, akuseka nkhani zawo, mjigo ukulira. Atamuona akutuluka m'khwawa, wopopa uja anasiya chogwirira m'malere. Kuseka kunatha ngati wina watseka wailesi. Zaqueu anapereka moni.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anayankha mmodzi yekha, osamuyang'ana iye koma wilibala. Mtsikana wina amene anabereka mwana kumbuyo anatembenuka mofulumira n'kufunditsa mwanayo chitenje kumutu. Zaqueu anaganiza kuti amanena miseche ya mwamuna wina ndipo wawadula pakamwa. Anadutsa akuimba mluzu.

Anakhuthula wilibala yoyambayo pansi penipeni pa bedi, pamwamba pa mapesi, nalowamo ndi mapazi n'kupondaponda kuti dothi likhazikike. Anabwereranso. Tsiku limenelo anayenda maulendo asanu ndi awiri, akukumba pamodzimodzi chifukwa dothi lakudalo linkapitirira pansi, mpaka dzenje linamufika m'chiuno. Pa ulendo wachitatu pa mjigo panalibe munthu, ndowa zokha zitasiyidwa pamzere.

Apongozi ake, a Liness, mayi a Fyness, nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa udzu, mapazi makumi awiri kuchokera pa bedilo. Mkamwini ndi apongozi aakazi sapenyana m'maso. Akakumana panjira wina amapatukira m'tchire, akafuna kuuzana kanthu amadzera mwa munthu wina. Umenewo ndi ulemu, ndipo pa zaka zitatu Zaqueu anali asanamvepo mawu a mayiwo atalunjika kwa iye. Akukhuthula wilibala yachinayi anamva mayiwo akukalipa kuseri kwa mpanda.

"Iwe nkhuku iwe! Ukungopalasa paliponse? Pena sapalasa! Ufukula zosafukula iwe!"

Zaqueu anasuzumira. Nkhuku inalipodi, thadzi lofiira lili ndi anapiye ake. Koma mawu a mayiwo ankanjenjemera kuposa mmene nkhuku ingamunjenjemeretsere munthu, ndipo anabwereza katatu, thadzilo litachoka kale. Iye anangoti m'mtima mwake, ukalamba ndi wovuta, n'kukankha wilibala kubwerera kutsidya. Apa mpamene ulemu umapsetsa mtima. Munthu wamkulu, wa mano ake, akuona mkamwini akututa tsoka masana dzuwa likuswa mtengo, n'kumakauza nkhuku!

Lachitatu linali tsiku la manyowa. Anatapa ndowe zouma za mbuzi m'khola, zitosi za nkhuku ndi phulusa la kukhitchini, n'kumasakaniza ndi dothi la pamwamba, akuphwanya zibuma ndi msana wa khasu. Fyness anatuluka m'nyumba dzuwa litakwera, akuyenda motagaza, nkhope itatupa ngati walumwa ndi njuchi. Anatsamira njerwa, napisa dzanja m'bedimo, n'kutulutsa dothi lodzaza chikhatho.

"Dothili mwalitenga kuti, abambo?"

"Kutsidya kwa khwawa. Mukuliona kukongola kwake? Mpiru wake masamba adzakhala ngati a nthochi."

"Pansi pa mkuyu paja?"

"Pomwepo. Mukupadziwa?"

Fyness anayang'ana dothi limene linali m'chikhatho mwake. Kuseri kwa mpanda kunamveka munthu akutsokomola.

"Tili ana ankatiletsa kutolako nkhuni," anatero Fyness.

"Chifukwa?"

"Njoka."

"Ndiye njokazo zinasamuka. Ine sindinaone ngakhale imodzi."

Fyness sanaseke. Dothi lija sanalibwezere m'bedi, analifumbata. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi mkeka n'kuuyala mphepete mwa njerwa, pamene panalibe ngakhale mthunzi. Anagona chammbali, msana utagunda njerwa. Zaqueu anamuuza kuti apite pakhonde, iye anakana. Anati mutu ukumupweteka chapamphumi ndipo m'maso mukuthwanima tinthu. Zaqueu anati ndi dzuwa limenelo, namupatsa madzi ndi mapiritsi a mutu, n'kuzika nthambi ziwiri n'kuyalapo chitenje kuti chimutchinge. Tsiku lonse palibe mayi wa pamudzipo amene anabwera kudzacheza kapena kudzapala moto. Ana amene ankakonda kudutsa pabwalopo popita kusukulu anazungulira kuseri kwa khola. Zaqueu anaziona zimenezi, koma anangolimbikira ntchito.

Lachinayi bedi linali litadzaza mpaka pakamwa. Analisalaza bwino, n'kuyamba kulithirira kuti manyowa azizire asanafese. Ali pa ndowa yachitatu anamva mapazi akubwera mothamanga. Anali a Deliwe, mkulu wake wa Fyness, mayi wa ana asanu, amene anali ku boma kuyambira Lamulungu kugulitsa manachesi kwa madalaivala a mathiraki. Dengu linali likadali pamutu, kunyumba kwawo asanafike. Mlamu ndiye munthu amene mkamwini amaseka naye momasuka, ndipo a Deliwe tsiku lililonse ankamunyoza Zaqueu za miyendo yake yopyapyala. Tsiku limeneli sanaseke.

"Alamu, ikani ndowayo pansi."

"Mwabwera, alamu? Taonani dimba la mng'ono wanu."

"Ndati ikani pansi! Tulukani m'matopemo, bwerani kuno."

Anamukokera kuseri kwa khitchini, kutali ndi mkeka wa Fyness. Anatula dengu.

"Inu alamu, mutu wanu ukuyenda? Mudzi wonsewu munasowa womufunsa?"

"Ndalakwanji? Malowo ali ndi mwini?"

"Ali ndi eni ake, eya. Eni ake ndi amene mwawatutawo." Anatsitsa mawu. "Paja mpamene timaika nthayo. Kuyambira agogo athu. Mapale munawaona aja mumayesa agwa kumwamba?"

Zaqueu anayang'ana manja ake. M'zikhadabo munali dothi lakuda.

"Meu Deus," anatero chapansipansi, mawu a Chipwitikizi oitana Mulungu, a bambo ake, amene anali atawaiwala kalekale. "Nanga bwanji osandiuza? Ndadutsa pa mjigo kasanu ndi kawiri!"

"Akuuzeni ndani? Nkhani imeneyi sauza mwamuna. Amayi sangakuyankhuleni. Onse amadikira ine, ngati ndine ndekha ndili ndi pakamwa." A Deliwe anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndipo mvetsetsani, alamu. Nthayo sakwirira mozama. Timangopalasa pang'ono, kufika apa," analoza pa chigongono, "kuti njira ya mayi wake isatsekeke, adzaberekenso. Ukaikwirira mozama watseka mimba. Tsono inu mwatenga za pamwambazo, mwaziika pansi penipeni, mwaunjikapo dothi, ndowe, phulusa, mpaka m'ntchafu. Mkazi wanu ali ndi pakati, wagona pomwepo!"

Zaqueu anakumbukira mmene anapondapondera wilibala yoyamba ija, akuimba. Funso limene analisunga chaka ndi miyezi inayi linatuluka lokha.

"Wanga uja munamuika pati?"

A Deliwe anayang'ana kumbali.

"Alamu, ndakufunsani."

"Chakum'mawa kwa mkuyu. Pafupi ndi nsungwi."

Zaqueu anakhala pansi pomwepo, pa phulusa. Za kutseka mimbazo sanadziwe ngati amazikhulupirira. Ku tchalitchi sanazimvepo, ndipo mayi ake sanamuuzepo mmene ankachitira kwawo. Koma munthu amene anataya kale mwana mmodzi sasankha zoti aziope, amaopa zonse.

Pasanathe ola amayi anali atadzaza pabwalo, aliyense ndi beseni lake. Anagwirizana kuti dothi lonse libwerere kwawo dzuwa lisanalowe, alitute amayi okhaokha, ndipo Zaqueu asalikhudzenso. Anamuuza kuti akaime uko, pansi pa mtengo wa manachesi. Anapitadi. Koma a Deliwe atafika pa bedi ndi beseni lawo, anapeza Fyness wadzuka pa mkeka wakhala pamwamba pa njerwa, manja atatambasulira pa dothi.

"Choka apo, Fyness."

"Sindichoka."

"Ukudziwa chimene wakhalirapo?"

"Ndikudziwa kuyambira dzulo." Mawu ake anali otsika koma onse anamva. "Munamutenga ine ndili chikomokere. Sindinamuone ngakhale kaphazi. Ndinakufunsani, achemwali, munati zimenezo safunsa. Lero wabwera pakhomo pa amake, mukuti mumutengenso?"

Pabwalo panabuka phokoso. Wina anati mtsikanayu wazungulira mutu. Wina anati m'bedimo simuli wake yekha, mulinso a eni ake, nanga iwo alakwanji kuti ana awo azimera mpiru pamutu. Mayi wina amene anataya awiri anayamba kulira mokweza, anzake n'kumuletsa kuti nthayo sailira. Ena anati aitane akulu a mpingo, ena anati za mpingo zikhale apo, pakufunika mankhwala osambitsa mkamwiniyo ndi khasu lake lomwe. A Liness anaima pa mpanda atagwira kukamwa. Dzuwa linachoka pamutu, linapendeka, mithunzi inayamba kutalika, anthu akadali pa dothi. Aliyense anali ndi mawu pa ana amene anapita, ndipo pa maola onsewo panalibe mmodzi amene anafunsa za amene anali m'mimba.

Zaqueu, poti anamuletsa kuyankhula, ankangoyang'ana. Anaona kuti mkazi wake sakumvanso zonenedwazo. Maso anali atatsinzina mbali imodzi ngati kuwala kukumubaya. Dzanja limodzi analichotsa pa dothi n'kuliika pamimba, ndipo linkakankha, kudikira, kukankhanso, ngati munthu wogogoda pa nyumba imene akukayika ngati muli anthu. Zaqueu anachoka pansi pa mtengo paja. Amayi anakuwa kuti abwerere, iye anangowadutsa pakati.

"Fyness, mwana akusewera?"

Phokoso linatha. Fyness anatsegula maso, misozi n'kutsika.

"Fyness!"

"Sindinamumve kuyambira Lachiwiri madzulo."

Masiku awiri. Anati poyamba ankayesa wagona. Lachitatu atadziwa kumene dothi lachokera anachita mantha kunena, poti akanena amayi akanati ndi dothilo, n'kudzalichotsa, iye n'kutsala wopanda uyu wopanda uyo. Ndiye anagona pamenepo n'kumapempha wamkuluyo kuti amudzutse mng'ono wake.

Mayi wina anati, "Mwaona? Lachiwiri lomwelo!" Zaqueu sanadikire kumva zotsalazo. Anathamanga opanda nsapato mpaka pamsewu wafumbi, naimitsa njinga yamoto ya kabaza imene inali ndi munthu kale, n'kumuchonderera munthuyo mpaka anatsika. Atafika nayo pakhomo anamukweza Fyness pakati, a Deliwe kumbuyo atamugwira, iye n'kumatsatira pa njinga yakapalasa, akupalasa mpaka m'chifuwa munatentha.

Ku chipatala cha Thambani anamupeza Fyness atagonekedwa kale. Chitseko chinali chotsekula pang'ono, ndipo anaona namwino akuika chomvetsera pamimba, kusuntha, kuikanso, kusunthanso. Anamvetsera nthawi yaitali kwambiri. Kenako anamumanga Fyness lamba pamkono n'kupopa, nayang'ana manambala, nkhope n'kusintha.

"Mutu unayamba liti kupweteka?" anafunsa namwinoyo.

"Lolemba," anatero Fyness.

"Nkhope kutupa chonchi, m'maso kuthwanima, mwana osasewera, inu muli pakhomo? Munkadikira chiyani, mayi? Magazi anu akuthamanga kwambiri. Tikutumizani ku boma pompano."

Galimoto ya chipatala inanyamuka dzuwa likulowa, Zaqueu atakhala kumbuyo atagwira phazi lotupa la mkazi wake.

Lachisanu m'mawa a Deliwe anamupeza Zaqueu pa benchi panja pa chipinda cha amayi ku chipatala cha ku boma, pamene anakhala chifikireni. Sanafunike kunena zambiri. Fyness anali moyo, madokotala anati akanachedwa tsiku lina akanapita nayenso, ndipo akhala m'chipatala masiku angapo. Mwana anabadwa osalira. Adokotala anati ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ndipo mwina ndi omwewo anatenga woyamba uja. Kumudzi, Zaqueu ankadziwa, anali atagamula kale kuti ndi dothi. Iye anasenza zonse ziwiri, poti mtima wa munthu wofedwa susankha katundu. Ankangowerenga masiku: Lolemba mutu ukuyamba iye ali pa njerwa, Lachitatu akupereka mapiritsi n'kubwerera ku manyowa. Anamanga dimba lonse kuti mkazi wake asawerame, osamuyang'ana kumaso.

Anabwerera kumudzi masana pa galimoto ya matola, a Deliwe atafukata kanthu kokulungidwa m'chitenje chatsopano. Pakhomo anapeza a Liness ndi amayi ena atatu akudikira, khasu limodzi litatsamira khoma. Bedi linali chikhalire, mabeseni ali mbwee pamene anawasiya dzulo, poti Fyness atachoka palibe amene analimba mtima kuliyamba.

"Khalani pakhonde, alamu," anatero a Deliwe.

"Chaka chatha ndinakhala."

"Amuna sapitako. Mukudziwa."

"Ndapitako kasanu ndi kawiri. Njira ndikuidziwa. Ndipo khasulo lisiyeni, dzenje lilipo kale. Ndinakumba ndine."

Amayiwo anayang'anana. Panalibe mwambo wonena za mwamuna amene wakumbiratu manda a mwana wake asanabadwe. A Deliwe anayang'ana mayi awo. A Liness anali atapenya kukhoma monga mwa nthawi zonse mkamwini akakhala pafupi. Anatembenuka pang'onopang'ono, namuyang'ana Zaqueu m'maso.

"Dzenje lanulo ndi lakuya, bambo," anatero. "Mwana wanga adzafunanso kubereka."

Zaqueu anamva. Anapita kuseri kwa nyumba, nagumula njerwa za mbali imodzi, n'kuyamba kubweza dothi. Anayamba ndi la pamwamba, la manyowa lija, kuti likagone pansi pa dzenje, ndipo la pansi pa bedi likhale lomaliza, libwerere pamwamba pamene linali. Amayi anatsogola kutsidya n'kukakhala pansi pa mkuyu ndi mtolo wawo, akumudikira. Ulendo uliwonse ankakhuthula, iwo n'kusalaza ndi manja. Pa mjigo anthu ankamupatukira, koma ulendo uno ena ankawerama mutu. Dzenje linachoka m'chiuno kufika m'maondo, linachoka m'maondo kufika m'katumba.

Atafika pa dothi la pansi penipeni, lija analipondaponda, anaika fosholo pambali. Anagwada m'bedimo n'kumatapa ndi manja awiri, pang'onopang'ono, akulekanitsa ndi mapesi, osayang'anitsitsa chimene chili m'manjamo. Apa analira, ndipo panalibe womuletsa.

A Deliwe anabwera kudzamuchingamira pamphepete pa khwawa. Anaika dzanja pa wilibala, iye n'kuima.

"Iyi ndi yomaliza?"

"Yomaliza." Zaqueu anapukuta kumaso ndi phewa. "Alamu, ndiuzeni chinthu chimodzi. Anali mwamuna kapena mkazi?"

A Deliwe anachotsa dzanja pa wilibala.

"Uti?"

"Onse."

"Atsikana. Onse awiri."

Zaqueu anagwedeza mutu. Anagwira wilibala ija n'kutsika nayo m'khwawa pang'onopang'ono, kuti dothi lisatayike.